Dzinja Limene Amayi Anandiphunzitsa Phiri

Amayi anali ndi chikho chawochawo. Chinali chaching'ono, chong'aluka pang'ono pamlomo, ndipo pakhosi pake anamangapo luzi kuti tisachisokoneze ndi zinzake. Sichinkakhala pamtsuko ngati zikho zina. Ankachipachika kuseri kwa chitseko, pamwamba pomwe ine sindikanafikira ngakhale nditanyanyamphira. Chinayamba kukhala pamenepo m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa, m'chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina ludzu litandigwira ndinakokera mtondo pafupi, ndinakwerapo, ndi kuchitenga. Ndisanachifikitse pakamwa amayi anandimenya ndi mthiko padzanja, chikho n'kugwa. Anali asanandimenyepo chibadwire changa. Ndinalira tsiku lonse, ndipo chimene chinandiliza kwambiri si mthikowo. Chinali chakuti nditalira sanandinyamule. Anangoima poteropo, manja ali kumbuyo, akundiyang'ana.

Mudzi wathu unali patsinde pa phiri, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera kumene lero mukuti Chipata. Nthawiyo azungu ankati Foti Jemusoni, ife tinkangoti ku boma. Nkhondo yaikulu ya azungu inali pakati, ndipo anyamata ambiri a m'mudzimo anali atapita kuusilikali. Atate anga sanapite kunkhondo. Iwo anapita ku Halale kukafuna ntchito ndili ndi zaka zinayi, analemba makalata atatu, kenako zii. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi amayi. Pafupi nafe panali nyumba ya amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene anali ndi ana anayi. Amalume ankakhala ku Kapata, ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo ankabwera Lamlungu lililonse pa njinga yawo yakuda kudzaona mbumba.

Chikho chija sichinabwere chokha. M'masiku omwewo amayi anandiuza kuti ndakula, ndizikagona kwa amayi aang'ono pamodzi ndi abale anga. Analeka kundipesa tsitsi. Analeka kudya nane mbale imodzi. Ankandigawira zanga, iwo n'kukakhala pakhonde. Anayamba kuvala jekete lakale la atate, lotuwa, ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo manja ake ankawatsitsa mpaka kuzala. Anthu ankakonda kunena kuti ndinatengera atate nkhope, makamaka mphumi. Choncho ndinadzipezera yankho ndekha: amayi atopa kudikira mwamuna wawo, ndipo akandiona amaona iye. Mwana akasowa womufotokozera amadzifotokozera yekha, ndipo nthawi zambiri mlandu amaupereka kwa iye mwini.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina amayi anaima panja pa nyumba ya amayi aang'ono ndi kundiitana. "Tenga nsengwa. Tikupita kuphiri." Ndinadzuka mothamanga, chifukwa panali patapita masabata ambiri asanandiitanire kulikonse. Sukulu yathu inkalowa masana, popeza m'mawa ana ankathandiza kumunda, ndiye nthawi inalipo.

Phiri lathu linali ndi njira yolizungulira, imene anthu a zankhalango analambula kuti moto wa m'chilimwe usamalowe m'mitengo. Inkayambira pamkuyu kuseri kwa munda wathu. Ukadzera kudzanja lamanja inkakwera pang'onopang'ono m'mitengo ya masuku, n'kuwoloka kamtsinje ka miyala yoterera, n'kukwera kwambiri mpaka pathanthwe lalikulu. Kuchokera pathanthwepo inkatsikira mbali ina, kudutsa m'nsungwi, ndi kudzatulukiranso pamkuyu womwe uja. Sinali njira yovuta. Panali pamodzi pokha pamene munthu ankafunika kugwira maondo ndi kupuma. Tikanyamuka dzuwa likutuluka tinkabwerera lisanafike paliwombo.

Amayi ankatsogola, ine pambuyo. Ndikayandikira ankati, "Usandiponde chidendene, siya mpata." Mpatawo unali wa mapazi atatu kapena anayi, ndipo sunachepepo dzinja lonselo. M'manja ankakhala ndi kandodo ka nsungwi, ndipo ndi kandodo kameneko ankandilozera zinthu. Ankagogoda mtengo n'kufunsa, "Uwu?" Ndikati mombo, ankafunsanso ntchito yake. Luzi. Uwu? Muwanga, wa munsi ndi mizati, chiswe sichiugwira. Uwu? Mlombwa, ukautema umatuluka magazi. Anandionetsa muzu wotafuna m'mimba mukapota, masamba oika pabala, ndi mtengo umene nkhuni zake sizilowa m'nyumba. Ndikalakwitsa sankandikalipira. Ankangoima, osasuntha, mpaka nditakumbukira ndekha, ngakhale mame akutinyowetsa ndi udzudzu ukutidya m'miyendo.

Fungo la nkhalango ija m'dzinja ndikulimvabe: masamba owola, dothi lonyowa, ndi masuku ogwa amene ayamba kusasa. Masamba atsopano a mitengo ankatuluka ofiira ngati nyama, kenako n'kubiriwira. Njiwa zinkalira kumtunda, ndipo nthawi zina nkhanga zinkabuka pafupi ndi mapazi athu mpaka mtima kudumpha.

Chachikulu chinali bowa. Amayi sankazula okha. Ankaloza ndi kandodo, ine n'kugwada ndi kuzula, n'kuwaonetsa kunsi kwake. Ndelema woyera wotuluka m'kathumba kake, manyame achikasu obisala m'masamba, chipindi, ndi utale waukulu wa pachulu umene umodzi wokha unkadzaza nsengwa. Anandiphunzitsa kununkhiza, kuthyola tsinde ndi kuona ngati mkati mwasintha mtundu. "Bowa amene mphutsi zamukana, iwenso umukane," ankatero. Ndipo china chimene ankabwereza tsiku lililonse: "Ukakayika, siya."

Tsiku lina ndinazula bowa woyera, wokongola, wofanana ndi ndelema, ndi kumuponya m'nsengwa osawaonetsa. Anamuona tili pakamtsinje. Anandiuza kuti ndikhuthule nsengwa yonse m'madzi, ndi wabwino yemwe, ndisambe m'manja ndi mchenga. Ndinadandaula kuti ndi mmodzi yekha. Anandifunsa, "Ukadzakhala wekha adzakuchotsere ndani?" Ndinaganiza kuti akunena za tsiku limene ndidzakwatiwe, ndipo ndinaseka. Iwo sanaseke.

Pathanthwe m'pamene tinkapuma. Iwo ankakhala mbali yawo, ine mbali yanga, ndipo dziko lonse linkakhala pansi pathu. Malata a ku boma ankanyezimira, ndipo ndinkatha kuloza tchalitchi, mzikiti, ndi mzere wa masitolo a amwenye kumene amalume ankasoka. Utsi wa ku Kapata unkayandama pansipansi. Kutsogolo kunali minda ya fodya ya azungu ndi zigafa zake zazitali, ndipo kum'mawa mapiri a ku Nyasalande ankaoneka obiriwira ngati utsi. Pansi penipeni pa thanthwelo pankadutsa msewu wofiira wolowera kumadzulo. Unkaoneka ukupindika m'dambo, kubisala m'mitengo, kuonekanso, mpaka kukafika pamlatho wamitengo kutali. Nthawi zina malole a asilikali ankadutsa, ang'onoang'ono ngati nyerere zonyamula chakudya. Tinkaona mvula ikubwera isanatifike, ikuyenda m'dambo, mudzi uwu yanyowetsa, uwo yausiya. Amayi ankayang'ana msewuwo nthawi yaitali. Ine ndinkati akudikira atate.

Azungu ena ankakwera pathanthwepo Lamlungu ndi agalu awo, kungokhala ndi kuyang'ana, ndipo ife tinkadabwa kuti munthu angakwere phiri popanda chokatengako. Masiku ano adzukulu anga amachita zomwezo. Amavala nsapato zothamangira, amazungulira phiri lomwelo, amabwera n'kundiuza kuti pamwamba paja m'pokongola, tsiku lina adzandinyamula ndikaone. Ndimangowayankha kuti ndikupadziwa.

Sindikufuna kuti muganize kuti dzinjalo linali lachisoni lokhalokha. Ineyo ndinali wosangalala. Ndinali nawo amayi anga ndekha m'mawa wonse, ngakhale panali mpata uja. Tsiku lina nyani wamkulu anatilanda nsengwa ya masuku imene ndinaisiya pansi, anakhala pamwala n'kumadya akutiyang'ana, akulavula nthangala ngati munthu wamkulu pabwalo. Amayi anaseka mpaka kugwira mtengo. Ndi kuseka komaliza kumene ndikukukumbukira, ndipo ndimakusunga.

Mu Januwale, tikukwera pamalo potsetsereka paja, ndinaona madontho ofiira pamiyala. Poyamba ndinayesa ndi utomoni wa mlombwa. Kenako ndinaona kuti ali paliponse pamene phazi lamanzere la amayi laponda. Ndinawauza kuti akutuluka magazi. Anatembenuka n'kundifunsa, "Pati?" Anakhala pansi, anatembenuza phazi, ndipo munga wa mthethe wotalika ngati chala changa unali utalowa wonse kuphazi. Anali atayenda nawo kuchokera kumtsinje osadziwa. Anauzula ndikuona, nkhope yawo osasintha ngakhale pang'ono. Ndinathamanga kuti ndiwagwire mwendo. "Ima pomwepo," anatero, ndipo mawuwo anandiimitsa ngati khoma. Anandituma kuti ndithyole masamba a pabala aja, ndiwaike pamwala. Anawatafuna okha, anamanga ndi luzi. Potsika anandiuza motsitsa mawu, osatembenuka, "Zimene waona lero zikhale zakuphiri."

Sindinasunge. Patapita masiku atatu, kusukulu, tikudikira aphunzitsi pansi pa mtengo, ana ankadzitama ndi atate awo ndi achimwene awo a kunkhondo. Wina anati atate ake anawomberedwa pamwendo koma sanalire. Ine ndinalibe atate wodzitama naye, ndipo chinandiwawa. Ndinaimirira n'kunena kuti amayi anga amaposa asilikali onse, samva kupweteka. Ndinafotokoza za munga. Ndinawonjeza kuti amaphula mphika pamoto ndi manja osamva kutentha, zimene zinali zoona. Ndinawonjezanso, pofuna kuti andikhulupirire, kuti ali ndi chikho chawochawo chimene munthu wina saloledwa kumwera. Nditatembenuka ndinapeza aphunzitsi aima kumbuyo kwanga, masileti ali m'manja. Sanandikalipire. Anangoti, "Khala pansi, mwana wanga," ndipo tsiku limenelo anaphunzitsa ngati munthu amene maganizo ali kwina.

Ana anapita nayo nkhaniyo kumakwawo. M'mawa mwake, kuchitsime, amayi atafika azimayi onse anasiya kulankhula. Mmodzi anasuntha mtsuko wake. Wina, amene ankasinja ndi amayi chiyambire utsikana wawo, anawauza mwaulemu kuti angoima patali, awatungira. Amayi anaima patali. Madzi anawathirira kuchokera pamwamba, chotungira osakhudza mtsuko wathu. Ine ndinali pomwepo ndi kamtsuko kanga, ndipo mnyamata wina wa msinkhu wanga anandinong'oneza mawu amene ndinali nditawamva kutchalitchi kokha, powerenga za anthu khumi aja. Anati amayi ako ali ndi khate. Ndinamuponyera dothi kumaso.

Sindikuwaweruza azimayi aja. Nthawiyo mankhwala enieni kunalibe, anthu ankaona zimene nthendayo imachita ndi zala ndi nkhope za anthu, ndipo aliyense anali ndi ana ake. Lero tikudziwa kuti sipatsirana msanga monga ankaopera, ndipo imachizika. Kudziwa kumeneku kunabwera mochedwa kwa ife.

Lamlungu lotsatira amalume anabwera pamodzi ndi aphunzitsi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi ndi amayi aang'ono, ine ananditumiza kukathyola nkhwani kumunda, ndipo nditabwerako ananditumizanso kukafuna nkhuku imene sinasowe. Ndili patali ndinaona aphunzitsi akuwerenga kalata, amalume atazolika mutu, chipewa chili pabondo. Amayi aang'ono ankalira. Amayi ndiwo okha anakhala mowongoka.

Ndinadikira kuti andifunse chifukwa chimene ndinaululira. Ndinakonzeka kumenyedwa, ndipo ndikanakonda kumenyedwa. Sanatchulepo. Madzulo amenewo anangoti, "Mawa tidzuke msanga." Kuyambira pamenepo tinkazungulira phiri tsiku lililonse, ngakhale mvula ikugwa, ngakhale phazi lawo linali litatupa ndipo ankatsimphina. Anasintha kachitidwe: tsopano ine ndinkatsogola, iwo pambuyo, ndipo ndinkayenera kutchula ndekha mtengo uliwonse ndi bowa aliyense popanda kufunsidwa. Pathanthwe ankandiuza zinthu zimene sizinkagwirizana ndi phiri. Kuti mbewu ya mawere aisunga m'chiguduli chili kudenga. Kuti kwa eni ake munthu sayamba kusamba m'manja. Kuti ndikadzaona chachilendo m'thupi mwanga ndisadzaope, ndikauze amayi aang'ono. Kuti sukulu ndisasiye, ngakhale atanena kuti mwana wamkazi sapita nayo patali. Ndinkangovomera, maso ali pa malole.

Tsiku lomaliza linali mu Febuluwale, chimanga chitamasula. Kunacha bwino, kopanda mtambo. Amayi anandiuza kuti ndivale diresi langa loyera la kutchalitchi, limene amalume anandisokera pa Khirisimasi. Ndinadabwa, chifukwa silinali Lamlungu, ndipo diresilo ankaliletsa ngakhale kukhala nalo pansi. Ndinawakumbutsa kuti kuphiri kuli minga. Anati palibe kanthu.

Titafika pamkuyu anaima. "Lero ndione ngati phiri walidziwa. Iwe udzere kumasuku, ine ndidzera kunsungwi. Tikakumane pathanthwe." Ndinasangalala kwambiri, chifukwa ndinali ndisanayendepo ndekha. Anapitiriza: "Ukayamba kufika undidikire. Ukaime pamwamba penipeni, poonekera msewu. Usakakhale mumthunzi. Wamva?" Ndinati ndamva. Anandibwerezetsa, ndinabwereza. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. M'tsitsi langa munali kaudzu. Anatukula dzanja, linafika pafupi ndi mutu wanga mpaka ndinamva kutentha kwake, ndiye analibweza. Anachotsa kaudzuko ndi nsonga ya kandodo. "Pita," anatero.

Ndinapita ndikudumphadumpha. Ndinatchula mitengo yonse mokweza ngakhale panalibe wondimva. Ndinapeza manyame ambiri pansi pa masuku, ndipo pachulu cha pafupi ndi kamtsinje ndinapeza utale umene unali usanatambasuke bwino. Panali bowa wina amene ndinamukayikira, ndinamusiya, ndipo ndinasunga m'mutu malo ake kuti ndikawauze amayi kuti ndinasiya. Diresi ndinalikwinya powoloka kuti lisanyowe. Ndinafika pathanthwe ndili wefuwefu, ndipo panalibe munthu. Ndinayamba ndine. Ndinayala bowa pamwala, wamkulu pakati, kuti akangofika aone. Kenako ndinakwera pamwamba penipeni ndi kuima padzuwa monga anandiuzira.

Ndinayang'ana kunjira ya kunsungwi. Mphepo inkagwedeza masamba, ndipo kangapo ndinayesa ndi iwo. Dzuwa linakwera, mwala unayamba kutentha kumapazi. Ndinaganiza kuti phazi lawavuta. Ndiye maso anga anagwera pamsewu.

Panali anthu awiri, atangotuluka kumene m'mitengo ya kumudzi kwathu. Mwamuna ankakankha njinga yakuda, pakaliyala pali mtolo ndi mphasa yopinda. Pambuyo pake, posiya mpata, pankabwera mkazi wovala jekete lotuwa, akutsimphina mwendo wamanzere. Ankayenda pang'onopang'ono. Atayenda pang'ono mkaziyo anaima, anatembenuka, anayang'ana kumtunda, dzanja lili pamphumi. Anayendanso, anaimanso, anatembenukanso.

Ndinakuwa. Ndinaitana amayi mpaka kukhosi kunawawa, koma mawu a mwana safika kumsewu kuchokera pamenepo, mphepo inkangowabweza. Mkaziyo anatembenuka kachitatu, anakweza kandodo m'mwamba. Ndinadziwa kuti andiona, ndipo ndinadziwanso kuti sakubwera. Sindinaganize china chilichonse. Ndinadumpha pathanthwe, ndinasiya nsengwa ndi bowa, ndinathamangira kunjira ya kunsungwi chifukwa ndiyo inali yaifupi. Ndinagwa kawiri. Diresi linakodwa m'minga, ndinalikoka, linang'ambika kuyambira m'chiuno. Munkhalango msewu suoneka, ndipo ndinkathamanga osaona kalikonse koma mitengo.

Pamkuyu ndinapeza amayi aang'ono atakhala, akundidikira. Anandigwira m'chiuno. Ndinawaluma padzanja mpaka magazi, koma sanandisiye. Anandipanikiza pachifuwa pawo, akungoti, "Apita kukachira, mwanawe, apita kukachira." Nditawapulumuka ndinafika kumsewu, ndipo munalibe munthu. Munali mzere wa matayala a njinga m'matope, basi.

Amalume anawaperekeza amayi kumudzi wa odwala khate umene amishoni anamanga kutali, ulendo wa masiku awiri. Ana sankaloledwa kumeneko. Nyumba yathu anaitseka, ndipo mvula ya chaka chotsatira inaigwetsa. Ndinakulira kwa amayi aang'ono, amene anandisunga ngati wawo, ngakhale kuti kwa miyezi yambiri ana ena sankafuna kukhala nane pamphasa imodzi. Kuphiri sindinapiteko chaka chonsecho. Ndinali ndi mkwiyo pa amayi chifukwa anandinamiza, ndipo pansi pa mkwiyowo panali chinthu cholemera kuposa: ndinkadziwa kuti pakamwa panga m'pamene panawachotsa pamudzi.

Amalume ankapita kukawaona kawiri pachaka. Ankabwera ndi mawu ochepa. Akuti akulandira jakisoni wa mafuta, wopweteka. Akuti alima kadimba. Ulendo wina anabwera ndi funso, ndipo anandiuza monga analimvera: "Akuti, kodi ukusiyabe ukakayika?" Ndinayankha kuti sindipitanso kubowa. Amalume anati yankho limenelo sakalipereka, ndipeze lina. Dzinja lotsatira ndinabwerera kuphiri, ndinafutsa ndelema, ndinawatumizira m'chikwatu. Akuti anadya. M'chaka chachinayi, mwezi wa Juni, aphunzitsi anabwera kunyumba ndi kalata, chipewa chili m'manja. Chimene chinawatenga amayi ndi chibayo, osati khate. Anaikidwa komweko. Sindinawaonenso chichokere pathanthwe paja.

Nkhani yonse ndinaimva ndili ndi ana anga awiri, amalume atakalamba, maso atayamba kuchita khungu, makina osokera atawasiyira ena. Ndinkawaphikira ku Kapata, ndipo tsiku lina ndinalimba mtima ndi kuwauza kuti ndikudziwa kuti ndine ndinachotsetsa amayi. Anandiyang'ana modabwa. Anati amayi anapita okha kuchipatala mvula isanayambe, atangoona mawanga pamkono, ndipo aphunzitsi ndiwo anawalembera kalata yopempha malo. Zonse zinali zitakonzedwa. Amayi anangopempha chinthu chimodzi, kuti awalole kukhala mpaka bowa atatha, chifukwa pali zimene mwana sanadziwe. Ndinafunsa ngati mawu anga sanasinthe kanthu. Amalume sanali munthu wonama. Anati, "Anasintha pang'ono. Akanapita kumapeto kwa Malichi. Anthu atadziwa, sizikanathekanso kudikira." Masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndawawerenga kambirimbiri.

Ndiye ndinafunsa chifukwa chimene anandinamizira tsiku lija. Amalume anati amayi ankadziwa kuti akatsanzika pakhomo ndidzawakumbatira, ndipo iwo sakanatha kundikankha, komanso sakanatha kundisiya ndiwagwire. Anaganiza masiku ambiri, mpaka anapeza njira. Kuchokera pamsewu, thanthwe lija limaoneka mpaka pamlatho, ndipo chinthu choyera chikaima pamwamba pake chimaoneka bwino. Anawauza amalume kuti sakwera njinga kufikira atawoloka mlatho, ayenda wapansi, pang'onopang'ono, kuti azindiona njira yonse.

"Anatembenuka katatu," anatero amalume. "Kachinayi anapeza pamwala palibe munthu. Anaima, anayang'anitsitsa, ndiye anati, 'Watsika. Akubwera. Achimwene, ndikwezeni, tifulumire.' Ndinataya mphasa kuti apeze pokhala. Ndinapalasa osaima mpaka kuseri kwa mlatho. Njira yonse ankayang'anabe kumbuyo."

Ndinakayenda msewu umenewo ndekha chaka chomwecho, kuyambira pamitengo ya kumudzi kwathu mpaka pamlatho, ndikuyenda monga amayenda munthu wa phazi lotupa. Ndi ulendo wa ola lathunthu, ndipo paliponse ukatembenuka thanthwe limakhala lili pomwepo. Ola limenelo ndilo amayi anadzisungira pa zonse zimene ankasiya. Anandiveka zoyera, anandiimika padzuwa, anandibwerezetsa kawiri kuti ndisachokepo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinaona amayi anga akupita, ndipo ndinatsika kuwathamangira m'mitengo momwe sakanatha kundiona, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti phazi lililonse likundifikitsa pafupi nawo.